Lichero, Kope la Masamu ndi Njoka ya pa Nokia

Tengani lichero latsopano, lisanadetsedwe ndi gaga, muliyang'anitsitse padzuwa. Mizere ija imaoneka ngati ikutsetsereka kuchoka m'mphepete kulowera pakati, mukayandikiza maso mupeza kuti si yowongoka ayi, ndi timasitepe. Kansungwi kamodzi kadumpha tinzake tiwiri, kalowa pansi pa tiwiri. Kotsatira kachita chimodzimodzi, koma kayambira patsogolo pang'ono. Woluka alibe kuchitira mwina, pakuti nsungwi zake zimangodziwa njira ziwiri, yowongoka ndi yopingasa. Mzere wopendekeka amachita kunamiza nawo maso, ndipo maso amalola kunamizidwa malinga munthu ataima patali pang'ono.

Ndakula ndikuona malichero, koma izi ndinakazizindikirira ku Mughese, m'mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, kumene kunakwatiwa mlongo wanga. Amene anafikako akudziwa: umasiya msewu wa phula wa Karonga ndi Chitipa pa Kapoka n'kuyamba kukwera, njira ikukhotakhota, mpaka makutu atatseka. Pamwamba pa mapiriwo pali nkhalango zitatu zosayoyoka masamba, Mughese, Wilindi ndi Matipa, ndipo m'munsi mwake Asukwa ndi Andali amalima khofi ndi nthochi. Tanzania ali kutsidya kwa Songwe pompo. Ndinapitako m'nyengo yothyola khofi, pamene chifunga chimachedwa kuchoka ndipo munthu umaotha moto ngakhale dzuwa litatuluka. M'mawa wina mwana wa mlongo wangayo, mnyamata wa Fomu 3, anali duu pakhonde ndi foni yong'aluka galasi. Ine ndimayesa ali pa Facebook. Nditasuzumira ndinapeza sikirini yonse yagawidwa timabokosi, 16 uku 16 uko, iye akudzaza kamodzikamodzi ndi chala: tofiira, tofiira moderako, toyera tiwiri pamwamba, tobiriwira pang'ono. Ankajambula chipatso cha khofi chakupsa.

Agogo ake aamuna, amene akhala akuluka malichero ndi madengu kuyambira pa unyamata wawo, anakoka kampando n'kusuzumira nawo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anayankhula m'Chisukwa, koma m'Chichewa mawu awo akutuluka motere: "Iwe, ukuti ukujambula? Apatu ukuluka." Mnyamatayo anaseka nati, "Agogo, dzina lake ndi pixel art." Madalawo dzinalo sanalilabadire. Analoza pangodya ina ndi chikhadabo, nati pamenepo wadumpha titatu pamene mbali inayo wadumpha tiwiri, n'chifukwa chake chipatsocho chikuoneka chotupa tsaya limodzi. Titawerenga tinapeza kuti zinalidi choncho.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulondola kumene lusoli linachokera, ndipo phazi lake landifikitsa kwa oluka, osati kwa ojambula. Makina oyamba kusunga chithunzi m'timabokosi sanali kompyuta, anali olukira nsalu. Mu 1804 ku Lyon, m'dziko la France, Joseph Marie Jacquard anakonza makina owerenga makadi obooledwa: pamene pali bowo ulusi ukwera, pamene palibe ukhala pansi. Mu 1839 amisiri a kumeneko analuka nkhope ya Jacquard yemweyo pa nsalu ya silika, ndipo panalowa makadi 24,000. Charles Babbage, Mngelezi amene ankalota za makina owerengera masamu kompyuta isanabadwe, anali nayo nsalu yotereyi kunyumba kwake, ndipo nzeru ya makadi obooledwa anaitengera m'mapulani a makina akewo. Zidzukulu za makina a Jacquard zinafika ndi kuno komwe. Ndikunena makina olukira majuzi a sukulu aja amalowetsa khadi la mabowo 24 m'lifupi. Amene analibe makina anali ndi singano. Nsalu za pa mipando zokhala ndi maluwa a timitanda timitanda, zimene tinakula tikuziona m'nyumba za aphunzitsi ndi za amayi a Umanyano ndi a Mvano, zinkapetedwa mowerenga ulusi, potsata chitsanzo chojambulidwa pa pepala la timabokosi. Duwa lija silinali lozungulira, linali la timasitepe ngati lichero.

Kompyuta inayamba kuona chithunzi mu 1957. Russell Kirsch, amene ankagwira ntchito ku National Bureau of Standards ku America, analowetsa chithunzi cha khanda lake la miyezi itatu m'makina amene iye ndi anzake anakonza, makinawo n'kuchiduladula timabokosi 176 uku 176 uko. Kabokosi kalikonse kankayankha funso limodzi lokha, kuda kapena kuyera. Atakalamba, Kirsch ankadandaula kuti anasankha timabokosi ta mbali zinayi zofanana chifukwa ndito tinali tosavuta, dziko lonse n'kungomutsatira osafunsa.

Koma nkhani imene imandikomera kuposa zonse ndi ya mu Julaye 1965, patangopita sabata imodzi Malawi atakondwerera chaka choyamba cha ufulu wodzilamulira. Chombo cha Mariner 4 chinadutsa pafupi ndi Mars n'kujambula zithunzi zoyamba zapafupi za dziko limenelo. Chithunzi chilichonse chinkabwera ngati manambala 40,000, mizere 200 ya manambala 200, nambala iliyonse ya pakati pa 0 ndi 63 ikunena kuwala kapena mdima wa kadontho kamodzi. Manambalawo ankafika modontha, chithunzi chimodzi maola ambirimbiri, ndipo kuti asanduke chithunzi chenicheni panafunikanso kudikira. Akatswiri a ku Jet Propulsion Laboratory ku Pasadena mtima unali m'mwamba, kudikira kunawakanika. Anasindikiza manambalawo pa timapepala titalititali, natindanditsa pakhoma, nakagula choko cha mitundu kusitolo, ndiye Richard Grumm ndi anzake anayamba kupaka: manambala akutiakuti mtundu wofiirira, akutiakuti wachikasu. Akuluakulu ophunzira, mataye pakhosi, kupaka choko ngati ana a Sitandade 1! Chithunzi chopaka pamanjacho chinatha msanga kuposa cha makina, ndipo mpaka lero chili mufelemu kumeneko. M'chaka chomwecho Frederic Billingsley, wa pamalo omwewo, anatulutsa m'zolemba zake liwu loti pixel, chidule cha mawu awiri a Chingelezi otanthauza kachidutswa ka chithunzi. Dzina lonse loti pixel art linadzaoneka mu 1982 m'zolemba za Adele Goldberg ndi Robert Flegal a ku Xerox PARC, kumene Richard Shoup anali atakonza kale SuperPaint, imodzi mwa mapulogalamu oyambirira ojambulira pa kompyuta.

Amene analikuza lusoli ndi opanga magemu a ku Japan, ndipo chida chawo chachikulu chinali chimene mwana wa sukulu aliyense ali nacho m'chikwama: pepala la timabokosi, longa la m'kope la masamu. Tomohiro Nishikado, amene anapanga Space Invaders mu 1978, zilombo zake anaziyambira papepala, potengera zamoyo za m'nyanja. Chija chonga nkhanu ndi timabokosi 11 m'lifupi, 8 m'litali, komabe mwana aliyense akachiona amadziwa kuti chili ndi maso, miyendo ndi mtima woipa. Mabwalo a Super Mario Bros ya mu 1985 nawonso anajambulidwa pamanja pa mapepala otere, akatswiri a mapulogalamu n'kumawasandutsa manambala pambuyo.

Mario yemweyo anavekedwa ndi kuchepa kwa malo. Pamene Shigeru Miyamoto ankamulenga m'gemu ya Donkey Kong mu 1981, anali ndi bwalo la timabokosi 16 uku 16 uko, longa la mnyamata wa ku Mughese uja. Pakamwa sipakanaoneka bwino, ndiye anamumeretsa ndevu za pamlomo. Tsitsi likanavuta kuliyendetsa munthu akamadumpha, ndiye anamuveka chipewa. Mikono ikanasokonekera ndi thupi, ndiye anamuveka ovolosi yosiyana mtundu ndi malaya. Makina a Famicom, amene Nintendo inatulutsa mu 1983, ankalola mitundu itatu yokha pa kachithunzi kamodzi koyenda, ndipo Super Mario Bros yonse, nyimbo ndi mabwalo omwe, inakwana m'makilobayiti 40, malo amene lero sangakwane chithunzi chimodzi chabwino cha paukwati. Yang'anani mitambo ndi zitsamba za m'gemuyo: ndi chithunzi chimodzi, angosintha mtundu, kumwamba choyera, pansi chobiriwira. Ndi nzeru ya chitenje, chimene m'mawa ndi chovala, masana mbereko, usiku chofunda.

Ojambula a nthawi imeneyo ankadziwanso kuti ma TV akale aja, a chimsana chachikulu, amasungunula timadontho pang'ono. Akafuna mtundu umene makina alibe, ankasinthanitsa timadontho ta mitundu iwiri ngati bolodi la drafuti, patali n'kumaoneka mtundu wachitatu. Chinyengo chimenechi chikugwirabe ntchito, ngakhale pa sikirini yakuthwa ya foni chimafuna kusamala, chifukwa ukachulutsa chithunzi chimaoneka ngati chagwidwa chikuku.

Mapulogalamu enieni ojambulira atabwera, chodabwitsa n'chakuti abwino kwambiri anali amene ankatsanzira pepala lija. Mu 1982 Andy Hertzfeld wa ku Apple anaitana mnzake wa kusekondale, Susan Kare, mayi wophunzira za luso koma amene anali asanajambulepo pa kompyuta, namuuza kuti akagule kope la timabokosi ting'onoting'ono. M'kopemo Kare ankalemba malire a timabokosi 32 uku 32 uko, onse pamodzi 1,024, n'kumadetsa tina ndi pensulo. M'menemo munatuluka tizizindikiro ta Macintosh ya mu 1984: bini yotayamo mafayilo, wotchi ya pamkono yokuuza kuti udikire, kompyuta yomwetulira, chitini cha penti chikukhuthuka. Kare amanena yekha kuti amayi ake anamuphunzitsa kupeta mowerenga ulusi ali mwana, ndipo ntchito ya pa kompyutayo anaiona ngati yomweyo. Makope akewo lero akusungidwa ngati chuma, ndipo Museum of Modern Art ya ku New York inawalandira mu 2015. Amene anataya maola a ntchito m'maofesi akusewera Solitaire, ndipo tilipo ambiri, adziwe kuti makadi aja, a mu Windows 3.0 ya mu 1990, anajambula ndi mayi yemweyu. MacPaint, pulogalamu ya Bill Atkinson imene inabwera ndi Macintosh, inali ndi kachipangizo kotchedwa FatBits, kokulitsa chithunzi mpaka kadontho kalikonse kaoneke ngati njerwa, ukadina kada, ukadinanso kayera. Pamenepo kope la masamu linali litalowa m'kompyuta.

Mfumu ya mapulogalamu onsewa inali Deluxe Paint, imene Dan Silva analemba ndipo Electronic Arts inatulutsa mu 1985 pa makompyuta a Amiga. Inkalola mitundu 32 nthawi imodzi, yosankhidwa mwa 4,096, ndipo anthu anaikhulupirira ataona chigoba chagolide cha Farao Tutankhamun chimene Avril Harrison anajambula nayo. Mphamvu yake inali m'kasungidwe ka mitundu. Kadontho sikankasunga mtundu weniweni, kankasunga nambala, ndipo nambalayo inkaloza pa ndandanda wa mitundu. Ukasintha nambala 7 kuchoka pa kufiira kupita pa kubiriwira, paliponse pamene pali 7 pasintha nthawi yomweyo. Chipatso cha khofi chakupsa chisanduka chosakhwima popanda kujambulanso. Ukamazunguliza mitundu ingapo pa ndandandawo, madzi a pa chithunzi chosayenda amaoneka ngati akuyenda. Ukadula kachigawo kalikonse ka chithunzi, kamasanduka chidindo choti uzidinda nacho pena paliponse. Zithunzi za magemu otchuka monga The Secret of Monkey Island ya mu 1990 ndi Doom ya mu 1993 zinadutsa m'pulogalamu imeneyi, ndipo mapulogalamu ngati Grafx2, imene inayamba mu 1996, anangotengera makhalidwe ake ngati mwana wotengera kayendedwe ka bambo.

Kuno kwathu zonsezi zinalowa mwakachetechete, popanda wotiuza dzina. Television Malawi inayamba mu 1999, choncho ambiri a ife timadontho tinakumana nato m'manja tisanationere pa TV. Ndikukumbukira Brick Game, kachidole ka pulasitiki ka mabatire awiri kolembedwa kuti muli magemu 9999, pamene enieni anali ochepa chabe, ongobwerezedwa. Sikirini yake inali timabokosi 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, ndipo gemu yaikulu inali yogwetsa njerwa, yobedwa kuchokera ku Tetris imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow mu 1984. Galimoto ya mpikisano m'kachidoleko inali timabokosi towerengeka pa zala, koma tinkaikhotetsa ndi thupi lonse. M'matauni munafika ma TV game okopera Famicom, a makatiriji achikasu ndi mfuti yowombera abakha. Kumalo ngati Misuku, kumene nyumba zambiri zinalibe magetsi, cha mabatire ndicho chinkayenda.

Kenako kunabwera foni. TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, imene inadzakhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Nokia 3310, ya mu 2000, inali ndi sikirini ya timadontho 84 m'lifupi ndi 48 m'litali, tonse pamodzi 4,032, ndipo m'kabwalo kameneko munkakwana zonse: mayina, mauthenga, ndi njoka ija. Gemu ya njokayo, Snake, anaikonzera mafoni a Nokia ndi Taneli Armanto wa ku Finland, ndipo inayamba kuoneka mu Nokia 6110 mu 1997. Mu 3310 munali yachiwiri yake, yokhala ndi mutu wotsegula pakamwa ndi mimba yotupa ikameza. Kunalinso mauthenga a zithunzi, timadontho 72 ndi 28, mtima, duwa, keke, ndipo sindikayika kuti alipo maukwati amene anayambira pa kaduwa ka timadontho takuda. Koma ndikafunsidwa kuti chithunzi cha timadontho chimene anthu a ku Misuku anachiyang'anitsitsa kuposa china chilichonse ndi chiti, ndinganene kuti ndi timizere ta netiweki ta kumanzere kwa sikirini. Munthu ankakwera chitunda, foni m'mwamba, maso pa timizereto, kudikira kuti kamodzi kaphuke, nthawi zina n'kukola netiweki ya ku Tanzania. Chachiwiri chake ndi kaenvelopu kosonyeza kuti kwabwera uthenga, kabokosi ndi timizere tiwiri topendekeka basi, koma kankagunditsa mtima. Nthawi yomweyo, mu 1999, Shigetaka Kurita ku Japan ankajambulira kampani ya NTT DoCoMo tizithunzi 176 ta timadontho 12 uku 12 uko, makolo a ma emoji amene tikutumizirana lerowa.

Amene anaphunzira kompyuta m'zaka zimenezo akukumbukira kuti phunziro loyamba logwira mausi linali Paint, pulogalamu imene yakhala mu Windows kuyambira 1985. Ambiri tinkajambula mbendera. Mizere itatu, wakuda, wofiira, wobiriwira, inali yosavuta. Vuto linali dzuwa. Dzuwa la pa mbendera yathu lili ndi malawi 31. Yesani kuwakwanitsa onse pa mbendera ya timadontho 32 m'lifupi. Sizitheka, amagundana n'kusanduka chibuluma chofiira. Uyenera kusankha: malawi asanu, kapena asanu ndi awiri, otalikirana bwino, ndipo munthu akayang'ana amati ndi mbendera ya Malawi osawerenga n'komwe. Lusoli lagona pamenepo, podziwa chimene ungataye chinthucho n'kukhalabe chomwecho. Miyamoto anataya pakamwa, ife tinataya malawi oposa makumi awiri.

PlayStation itatuluka mu 1994, magemu anathamangira ku zithunzi zooneka ngati zenizeni, makamera a m'mafoni nawo n'kuyamba kupikisana pa mamiliyoni a timadontho. Kadontho kooneka kanasanduka chamanyazi, chizindikiro cha foni yotchipa. Amene analibweza lusoli anali anthu ogwira ntchito okha m'zipinda zawo. Daisuke Amaya wa ku Japan anatha zaka zisanu akupanga Cave Story nthawi yopuma, naigawa ulere mu 2004. Minecraft ya Markus Persson, imene inayamba mu 2009, njerwa zake ndi timadontho 16 uku 16 uko. Eric Barone wa ku America anapanga yekha Stardew Valley, gemu ya ulimi imene inatuluka mu 2016 patatha zaka zoposa zinayi, ndipo zithunzi zake anazijambulira pa Paint.NET, pulogalamu yaulere imene inayamba ngati ntchito ya ophunzira a pa yunivesite mu 2004. Mnyamata wa ku Mughese uja atamva kuti m'gemu imeneyo amalimamo khofi amene amabereka patangopita masiku ochepa, anaseka mpaka misozi, pakuti iye amadziwa kuti mbande ya khofi imadya zaka zitatu usanathyole kanthu.

Nkhani ya Barone ndi imene ndimauza aliyense wondifunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti. Ambiri odziwa ntchitoyi lero amatchula Aseprite, ya David Capello wa ku Argentina, imene inayamba mu 2001, ndipo sakunama. Ili ndi ndandanda wa mitundu wonga wa Deluxe Paint, pensulo yake imadzichotsera yokha timadontho towirikiza pokhota, ndipo ukamapanga zithunzi zoyenda imakuonetsa chithunzi chapitacho mwachizimezime pansi pa chimene ukujambula. Koma ndi yogula, pafupifupi madola 20, ndipo tonse tikudziwa mmene dola ndi khadi logulira pa intaneti zimavutira kuno. Mu 2016, Capello atasintha malamulo ogawira pulogalamuyo, anthu ena anatenga yakale ija n'kuipitiriza pa dzina la LibreSprite, yaulere, ndipo wophunzira sangaone kusiyana kwenikweni. Piskel ndi yaulerenso, ndipo ilipo yoika pa kompyuta kuti isamadye bandulo. Pa foni pali Pixel Studio ndi dotpict. Vuto la foni ndi chala, chimene chimaphimba kabokosi komwe ukufuna kudzaza, n'chifukwa chake dotpict ili ndi kapensulo koti uzikakankha ndi chala chimodzi n'kumadina ndi china.

Photoshop ndi GIMP zimatha ntchitoyi, koma zinapangidwira kukonza zithunzi za kamera, ndiye chibadwa chawo ndi kubisa timadontho. Bulashi yawo imafewetsa m'mphepete mwa mzere powaza timadontho totuwa tomwe iwe sunapemphe, ndipo ukadzafuna kuthira mtundu mkati umapeza kamzere koyera katsala kuzungulira. Pamenepo umasiya bulashi, n'kutenga pensulo, n'kuichepetsa kufika pa kadontho kamodzi. Ukafuna kukulitsa chithunzi, umauza pulogalamuyo kuti isaganizire yokha zapakati: mu Photoshop umasankha Nearest Neighbor, mu GIMP umasankha None, ndipo umakulitsa ndi nambala yathunthu, kanayi, kasanu ndi katatu, kakhumi, osati katatu ndi theka, kuopa kuti timabokosi tina tingatuluke tonenepa tina toonda. Posunga, PNG ndiye mnzako. JPEG inapangidwira zithunzi za kamera, ndipo imadetsa m'mphepete mwa mitundu ngati nsalu yosuluka. Za mizere, malangizo a madala aja ndi okwanira: masitepe akhale ndi dongosolo, tiwiri tiwiri tiwiri ngati mzere ndi wowongoka, titatu tiwiri kamodzi ngati ukukhota, ndipo mbali inayo ibwereze chimodzimodzi.

Izi zina ndinaziphunzira ndi ndalama zanga. Nditabwerera kutauni ndinafuna kumusangalatsa mnyamatayo pomusindikizira chipatso chake pa tisheti. Ananditumizira pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, ine osadziwa kuti ikadutsa njira imeneyo fayilo imafinyidwa, pamene akanatumiza ngati dokumenti ikanafika yosakhudzidwa. Ndinapita nacho pa shopu ina yosindikiza. Mnyamata wa pamenepo anachikoka pangodya ndi mausi mpaka chitadzaza chifuwa cha tisheti, ine ndili pa foni osayang'ana. Chimene chinatuluka chinali chibanga chofiira chopanda malire, ngati munthu watayikiridwa sobo. Nditadandaula anati, "Bwana, chithunzi chanuchi n'chosaoneka kale, ine ndayesetsa kuchisalaza." Ndinayesa kumufotokozera kuti timabokosito ndito chithunzicho, koma anandiyang'ana ngati ndikumupempha kuti andigulitse galasi losweka. Ndinalipira, tishetiyo n'kukhala yolimira.

Mlongo wanga atamva anangoti, "Achimwene, mukanandiuza ine." Anamuuza mwana wake kuti akopere chipatsocho m'kope la masamu, kabokosi ndi kabokosi, ndi mapensulo a mitundu, iye natenga wulu wofiira, wakuda, woyera ndi wobiriwira kuti achilukire pa chipewa cha apongozi ake, poti kuzizira kwa ku Misuku sikuseka ndi dazi. Ulendo woyamba chinatuluka chophwatalala ngati chapondedwa. Anawerenganso, osapeza polakwika: 16 uku, 16 uko. Kenako anazindikira kuti kamfundo ka ulusi pa choluka si kofanana mbali zonse ngati kabokosi ka m'kope, n'kotambalala kuposa kutalika kwake. Ojambula a pa Amiga ankalimbana ndi vuto lomweli motembenuza, pakuti timadontho tawo 320 ndi 200 tinkatuluka totalikirapo pa sikirini, ndipo bwalo lojambulidwa mowerenga bwino linkaoneka ngati dzira. Iye za Amiga sanazimvepo. Anamasula ulusi wonse, nabwereza mizere ina kawiri, pamwamba itatu pansi itatu, chipatso n'kukhala cha mizere 22.

Nditapitanso chaka chotsatira ndinakumana ndi madala aja akutsika kumunda, dengu la khofi paphewa, chipewacho chili kumutu. Nditawapatsa moni wa "Mwaghona" umene ndinaphunzira movutikira, anachivula n'kundionetsa chipatso chija, chala chili pa timadontho toyera tiwiri ta pamwamba. Anati mpongozi wawo waluka bwino, koma kuwalako akanakusunthira kumanzere ndi kamfundo kamodzi.